Tizidutswa Seveni ta Luckson

Luckson Mwale ndi wolemba zikwangwani pa Mfuwe. Makolo ake anatsika kuchokera ku Chipata kudzalima thonje, koma khasu linamukana, iye n'kugwira bulashi.

Anzake amalemba zilembo monga tinaphunzirira kusukulu. Iye anadula chigubu cha mafuta n'kupanga tizidutswa seveni: tisanu tamakona atatu, kamodzi kamakona anayi, ndi kena kopendekeka ngati nyumba yofuna kugwa. Chilembo chilichonse ankachimanga ndi timeneti, tonse seveni, n'kuzunguliza pensulo, kenako penti. Zinkakongola ngati chitenje. Kuwerenga kwake ndiye kunali ntchito.

Woyesa wake ndinali ine, amalume ake. Ankati munthu wa giredi folo ngati ine akawerenga ali pa njinga, ndiye kuti aliyense awerenga. Ndinkadutsa, n'kutchula mawu onse bwinobwino, iye n'kundigulira tiyi. Chimene sankadziwa n'chakuti dzulo lake ndinkakhala nditafunsa kale mwini sitolo zimene walembetsa. Zaka zitatu ndinamwa tiyi ameneyo, makasitomala akuchepa, iye akuti anthu a kuno sakonda zabwino.

Chaka chatha kunatsala mmodzi, amai Peggy, ogulitsa nkhuku pamsewu wa ku Chipata. Anamuuza kuti chikwangwani chikapanda kuwerengeka munthu ali mu minibasi, akasindikizitsa cha pulasitiki ku tauni monga anzawo onse, ndipo iye akabwerere ku thonje. Nditapita kukawapatsa moni wa mwaswera bwanji, anandiyang'ana n'kunena kuti amalidziwa khalidwe langa, sandiuza kanthu.

Loweruka ndinapalasa njinga kudutsa pa chikwangwani chatsopano cha amai Peggy. Ndinaona mano a ng'ona, denga la tchalitchi, ndi china chonga bakha. Ndinabwerera, n'kudutsanso pang'onopang'ono mpaka njinga inafuna kundigwetsa.

"Amalume, mwawerenga chiyani?"

"Mphwanga, penti ndi wabwino."

"Ndafunsa mawu."

Ndinamuuza zonse, za zaka zitatu zija. Sanakalipe. Anangofunsa ngati ngakhale cha pa chigayo sindinachiwerenge, chimene ankachinyadira kwambiri. Ndinati ngakhale chimenecho.

Anafuta bolodi lonse ndi penti woyera. Masiku awiri anandiimika patsidya pa msewu, padzuwa, iye akuchotsa kadutswa apa, kutalikitsa zilembo apo, kutsegula pamimba pa O pamene kale ankatsekapo ndi kamakona anayi. Chilembo china chinangofuna tizidutswa titatu, ndipo zinamuwawa kusiya tinayi m'thumba. Ndikati bakha akadalipo, ankafutanso.

Lachiwiri ndinadutsa mothamanga ndithu, n'kuwerenga ndekha: NKHUKU ZAMOYO ZILIPO. Amai Peggy sanakhulupirire ine. Anaimitsa kondakitala wa minibasi, ndipo iyenso anawerenga chimodzimodzi, n'kufunsa mtengo wa tambala.

Luckson akulembabe. Tizidutswa seveni tonse pamodzi amatiika m'mphepete mwa bolodi tsopano, pamene palibe chowerenga. Woyesa wake ndi kondakitala uja. Ine tiyi ndimagula ndekha.