Anasiya Kundiitana Kuti Tidye

Ndakalambira pa ntchito yosamalira maluwa panyumba ina ku Jumeirah, dera la anthu olemera kutsidya la nyanja. Wophika panyumbapo anali mayi wa ku Philippines, wamng'ono kwa ine. Anthu akwawo sayamba kudya asanaitane aliyense amene ali pafupi. Masana aliwonse ankaima pakhomo la khitchini n'kundiitana kuti tidye. Ndinkapita, ngakhale kuti mpunga sindiuwerengera ngati chakudya.

Atamupeza ndi matenda a shuga, kuchipatala anamuuza kuti kumaphunziro a odwala azipita ndi wachibale. Ana ake anali kwawo, ndipo anawabisira poopa kuwadetsa nkhawa. Anapempha ine. Ndinavala jekete n'kupita naye.

Namwino, nayenso wa kwawo komweko, za zakudya ananena zochepa. Anatalikitsa za mumtima. Anati wodwala shuga amatopa ndi kulonderedwa, choncho wachibale asasanduke wapolisi. Azimufunsa wodwalayo chimene akuopa, kenako akhale chete n'kumvetsera. Ndinaziona ngati zachibwana. Ana anga ndinawalera osawafunsa zimenezo, ndipo anakula.

Ndinachita monga ndinkadziwira. Wophika uja akapakula mpunga, ndinkauyang'ana n'kumuuza kuti wachuluka. Tsiku lina, dalaivala wapanyumbapo akuona, ndinakoka mbale yake n'kubwezera theka mumphika.

Sanakalipe. Anangoti, "Bambo, ine ndimafuna munthu wokhala naye. Dokotala ndili naye kale."

Ndinayankha kuti mpungawo unali wambiri. Unalidi wambiri. Mpaka lero ndimatero.

Mawa lake sanandiitane. Ndinamva mbale zikulira m'khitchini, ndipo ndinazengereza pafupi ndi khomo, ndikuthirira maluwa othirira kale. Kuyambira pamenepo ankadyera m'chipinda chake, chitseko chotseka. Zimene ankadya m'menemo palibe ankaziona. Kumaphunziro kuja anapitako yekha kangapo, kenako anasiya. Miyendo itayamba kutupa, zobisa zinatha, ndipo ana ake anamuuza kuti abwerere kwawo.

Tsiku lonyamuka ndinamunyamulira chikwama mpaka pageti. Anandithokoza mwaulemu, monga mmene munthu amathokozera mlendo. Funso la namwino lija linali pakamwa panga. Linali lalifupi, losafuna sukulu. Galimoto itafika, ndinamuuza kuti azichepetsa mpunga.

Wophika amene anabwera pambuyo pake amandisiyira chakudya pawindo.