Mfuti ya Mpini wa Khasu

Ngati mukuona kuti dzina lanu linaonongeka kale, imvani za Elton Makina wa ku Nkhulambe.

Tsiku limene zinthu zinamuthera, Elton anali atakhala pafumbi pakati pa njira, manja atamangidwa ndi mphira yomangira katundu panjinga. Anali ndi zaka 17. Anthu anamuzungulira, ena akuti apite naye kupolisi, ena akuti kupolisi n'kutali. Chapoteropo Mayi Alesi anali kubuula m'ngalande, mwendo utathyoka, njinga yawo itawapsinja. Pafupi ndi mapazi a mnyamatayo panali mfuti yake: mpini wa khasu, paipi ya pampu ya njinga, ndi makala a mabatire akutha amene anaipaka kuti ide.

Elton sanali wakuba. Vuto lake linali kulota ali maso. Akaweruka kusukulu ankaima pa kashopu kobenera nyimbo n'kumaonera mavidiyo a hip hop. Oimba amene iye ankawasirira ankavala unyolo wagolide n'kumagwedeza mfuti kukamera ngati akuingitsa ntchentche. M'mavidiyomo munalibe wogwa, munalibe maliro. Iye anangomaliza yekha mumtima kuti woimba wopanda mfuti saopedwa, ndipo wosaopedwa palibe amamumvera.

Atapeka nyimbo yake yoyamba, anasema mfuti ija. Luso anali nalo, pamenepo tisamunamizire. Iye ndi mnzake Cornelius, mwini foni, anasankha kukajambulira vidiyo ya nyimboyo pa kanjira kodutsa m'minda ya nandolo chifukwa phiri la Mulanje linkaoneka bwino kumbuyo. Chimene anaiwala n'chakuti inali nyengo yogulitsa nandolo, pamene aliyense wochokera kusikelo, ndalama zili m'thumba, amayenda akucheukacheuka. Cornelius atati "tiye", Elton anatumphuka m'munda, mpango kumaso, mfuti m'mwamba. Nthawi yomweyo Mayi Alesi anali akutsetsereka panjinga kuchokera kumsika.

Cornelius anathawa ndi foni yake. Sukulu inamuchotsa Elton ali Fomu 3. Abale a Mayi Alesi ankafuna ndende, koma a Sitima, amalume ake a Elton, anachonderera mpaka mabanja awiriwo anagwirizana kuti mnyamatayo alime munda wa mayiwo chaka chonse, kuyambira kusosa mpaka kukolola. Pamudzi anamupatsa dzina latsopano, Chigawenga. Akamadutsa, amayi ankakokera ana awo kumbali, ndipo zimenezi zinkamuwawa kuposa matuza a m'manja.

M'mawa uliwonse ankafika kumunda ndi khasu. Mayi Alesi ankakhala pansi pa mtengo wa mango, mwendo uli m'chikhakha. Kwa miyezi iwiri sanamuyankhe moni.

Elton ankalima, maganizo ali kutali. Mitambo ikamatsika pang'onopang'ono m'mapewa a phiri, iye ankaonamo bwalo lalikulu, anthu zikwizikwi atakweza manja, onse akutchula dzina lake lenileni. Khasu linkagunda nthaka, kupuma, n'kugundanso, ndipo mawu ankabwera okha kutsata kugundako. Ankawanena chapansipansi kuti asamveke.

Tsiku lina Mayi Alesi analankhula.

"Iwe, ukung'ung'udza chiyani? Ukunditukwana?"

"Ayi mayi, ndikungoimba."

"Za mfuti zomwe zija? Unayamba waimva ikulira?"

"Pavidiyo basi."

Mayiwo anayang'ana cha kum'mawa, kumalire.

"Ine ndinaimva ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, tsidya ilo la Mozambiki, nthawi ya nkhondo. Tinathawa atatu, ine, amayi ndi mng'ono wanga. Kuno tinafika awiri. Tsiku lija panjira paja sindinaone iwe ayi. Ndinaona anthu aja atabweranso."

Elton anatsamira khasu n'kulira. Anachita manyazi kwambiri. Nyimbo zake zonse zinali zopha adani amene iye analibe, pamene munthu amene anaidziwa mfuti yeniyeni anali atakhala phee pansi pa mango, osadzitama nayo.

"Pukuta misoziyo, mizere sinathe," anatero Mayi Alesi. "Maso uli nawo. Ukafuna kuimba, imba za kuno."

Kuyambira pamenepo anayamba kuyang'ana. Anaimba za nyemba za nandolo zikamasokosera mphepo ikawomba, za madzi osefukira amene amatenga chimanga cha m'chigwa, za atsikana amene amayenda mtunda wautali kupita kusukulu. Nthawi zina mayiwo ankang'ung'udza kanyimbo ka Chilomwe kamene mayi awo ankawaimbira m'njira yothawa ija. Elton anawapempha kuti akagwiritse ntchito. Anamukaniza kawiri, kachitatu anangoti, "Bola usakaononge."

Musaganize kuti atakolola zinthu zinangoyera. Anapalasa kabaza miyezi yambiri kuti alowe mu situdiyo ina ku Migowi. Wojambula nyimbo kumeneko anamvetsera n'kupukusa mutu.

"Aise, izi zilibe moto. Mafana amafuna zoopsa. Ikamo kulira kwa mfuti poyambira pomwepa, ziphulika."

"Ayi, biggie, poyambira pakhale khasu," anayankha Elton.

Nyimboyo inatuluka, koma pa kashopu kaja anakana kubenera anthu nyimbo ya Chigawenga. Elton anapitiriza kupalasa m'mawa, masana n'kumalowa sukulu yoyendera, mpaka analemba mayeso a Fomu 4. Zaka zitatu zinadutsa asanaimepo pamaso pa anthu akwawo. Ankaopa kuti akadzaimirira, onse adzamufulatira.

Ndiye kunabwera uthenga. Fyness, mwana wa Mayi Alesi, ankakwatiwa, ndipo mayiwo ankafuna kuti Elton adzaimbe paukwatipo.

Woyendetsa mwambo atatchula dzina lake, phokoso lonse linazima. Wina kumbuyo anafunsa mokweza ngati anali Chigawenga yemwe uja. Azibambo awiri ananyamuka pabenchi n'kukaima kutali. Elton anatenga maikolofoni. Masipika anayamba kutulutsa kugunda kwa khasu, kenako kanyimbo ka Chilomwe kaja, ndipo iye anayamba kuchana, kulakatula ndime zake za hip hop chapansipansi. Ndime yoyamba inatha popanda ndi mmodzi yemwe wogwedeza phewa.

Apo Mayi Alesi anadzuka pampando wa make mkwatibwi. Anamangitsa chitenje, n'kulowa m'bwalo okha, akutsimphina. Anayamba kuvina ndi mwendo womwe uja, pang'onopang'ono, maso atatsinzina ngati akumvera mawu ochokera kutali. Atafika pafupi ndi Elton anamuuza kuti:

"Kweza mawu, mwana wanga. Akumbuyo sakumva."

Elton anakweza. Amayi a mpingo analowa, kenako atsikana, kenako fumbi linakwera mpaka akwati anatsokomola. Azibambo awiri aja sanavine, koma anabwerera pabenchi.

Lero Elton ali ndi kasitudiyo kake, ndipo amaitanidwa m'maukwati ndi m'masukulu kuyambira ku Nkhulambe mpaka ku Jenala. Achinyamata akabwera ndi nyimbo zoopseza, sawathamangitsa. Amangowafunsa kuti akuopseza ndani.

Inu amene munalakwa poyera, anthu n'kukuikani dzina, musathawe mudzi ndipo musakwirire luso lanu. Pitani kwa amene munamupweteka, mugwire ntchito pamaso pake ngakhale asakuyankheni moni miyezi iwiri. Mwina tsiku lina ndi yemweyo amene adzayambe kukuimirirani pagulu. Limbani, mtima musautaye.