Mayi Dinah ndi Chigubu cha Petulo

Ine ndimagulitsa nsapato ndi zitenje mumsika wa Lilongwe, ndipo katundu wanga ndimakapikula ku Kariakoo, mu Dar es Salaam. Amene timayenda ulendo umenewu timadziwa kuti kugula si nkhani. Nkhani ndi kutulutsa mabelo m'chipwirikiti cha msikawo n'kukafika nawo kumene malole opita ku Malawi amapakirira. Mayi Dinah Mthunzi ndinadziwana nawo pa ntchito imeneyi.

Tsiku loyamba ndinangotsala pang'ono kuwathawa. Mnzanga anandilozera pikapu yoyera yakalekale, penti itasupuka m'mbali, chitseko chakumbuyo chomanga ndi tcheni. Pambali pake panaima mayi wamfupi wojintcha, atavala ovolosi koma kumutu ali ndi duku. Tisanakweze belo ndi limodzi lomwe, mayiyo anagwada pa phula lotentha n'kusuzumira kunsi kwa galimoto, akununkhiza.

"Mwataya kanthu, amayi?" ndinafunsa.

"Ayi, achemwali. Galimoto yakale ili ngati mwana wa thewera. Usanamubereke uyambe waona kunsi."

Anadzuka, napukuta mawondo, ndipo m'pamene anatilola kupakira. Kuyambira tsiku limenelo sindinafunenso galimoto ina.

A Dinah kwawo ndi ku Tsangano, ku Ntcheu. Ku Tanzania anabwera motsatira amuna awo a Dalton, amene ankayendetsa lole pakati pa doko la Dar ndi Lilongwe. A Dalton atatopa ndi kugona m'misewu anagula pikapu ija kwa mwenye wina, n'kupeza nyumba ku Vingunguti, pafupi ndi kophera ng'ombe. M'mawa ankanyamula nyama kukatula m'mabutchala, masana ankanyamula katundu wa ife a geni. A Dinah ankakazinga mandasi pakhomo. Lamlungu akaweruka kutchalitchi amuna awo ankawaphunzitsa chiwongolero pabwalo la mpira, mpaka anatenga laisensi, koma iwo ankaiona ngati nthabwala chabe ya m'banja.

Nthabwala inatha tsiku limene a Dalton anagwa pokasamba. Anatuluka m'chipatala mbali yakumanja itafa, pakamwa patapotoka, mawu akutuluka limodzilimodzi ngati akuwakoka pachitsime. Achibale kumudzi anaimba foni kuti gulitsani galimotoyo mubwerere. A Dinah anayang'ana amuna awo, anayang'ana mwana wawo Neema amene anali asanamalize sekondale, n'kutenga makiyi.

Pikapuyo siinawalandire bwino. Sabata yoyamba yomwe inawazimira pakati pa foleni ya ku Buguruni, mzere wa magalimoto umene suyenda uja, dzuwa lili paliwombo. Madaladala, maminibasi a kumeneko, anaimba mahutala, makondakitala akuwatukwana kuti mayi abwerere kukhitchini. Makaniko wina wa m'mbali mwa msewu anawathandiza kukankha, natsegula boneti, n'kunena kuti thanki yadzaza zinyalala ndipo pampu siikukoka. Anati pali njira yachidule imene aliyense amachita. Anatenga chigubu, nachidzaza petulo, nachikhazika pampando wa okwera, n'kulumikiza paipi kuchokera m'chigubumo kudutsa pakabowo mpaka ku injini. Galimoto inalira. A Dinah anafika kunyumba mutu ukuwawa ndi fungo, koma mtima uli m'malo kuti agonjetsa tsikulo.

A Dalton anali pampando wawo pakhonde. Ataona chigubucho kudzera pawindo nkhope inasintha. Anayamba kumenya ndodo pansi ndi dzanja lamoyolo.

"Cho... chotsa!"

"Bambo a Neema, galimoto yayenda bwinobwino."

"Chotsa!"

A Dinah anandiuza kuti chikwatiranireni anali asanakalipiridwepo motero. Anachotsa chigubu chija akulira ndi mkwiyo. Mtima utatsika, amuna awo anawafotokozera pang'onopang'ono, mawu ena akuwamalizitsa ndi manja. Ali pa lole anaonapo pikapu ikuyaka pa chikweza cha Kitonga. Inalinso ndi chigubu chotero kutsogolo. Woyendetsa anadumpha, koma mnzake amene anakhala pafupi ndi chigubucho sanatuluke.

M'mawa mwake sukulu ya umakaniko inayamba. A Dinah anayala mkeka kunsi kwa galimoto n'kugona chagada, a Dalton atakhala pampando pambali, akuloza ndi ndodo. Akagwira bawuti yolakwika ndodo inkagogoda tayala. Anatsitsa thanki, ndipo atakhuthula zotsalira munatuluka dzimbiri langati masamba a tiyi. Pansi pake panali timabowo tating'ono. Mnansi wawo wowotcherera anati abwere nayo aimate ndi moto, koma a Dalton anapukusa mutu mwamphamvu: thanki ngakhale ioneke youma, mpweya wa petulo umakhalamobe, ndipo ukaona moto imaphulika. A Dinah anayenda m'malo ogulitsa zitsulo za magalimoto akufa mpaka anapeza thanki yabwino. Mapaipi a labala onse anali olimba ngati bango, ong'ambika m'makona, anawasintha. Anaphunzira kutsuka kabuleta, kusintha fyuluta, ndi kumva ndi khutu ngati injini ikusowa mafuta kapena ikumwa mopyola. Zikhadabo zawo sizinayerenso, mandasi anasiya.

Anali ndi malamulo awo, ndipo ena mwa anzanga ankadandaula nawo. Wosuta fodya sankakwera, ngakhale kumbuyo. Kuseri kwa mpando kunkakhala chozimitsira moto chofiira, ndipo pakona ya bodi panali ndowa ya mchenga imene inkatidyera malo a katundu. Akangomva kafungo ka petulo ankapatuka n'kuzimitsa injini, kaya lole yatsala pang'ono kunyamuka. Mayi wina wa ku Mzuzu anawauza kuti amayendetsa ngati anyamula mazira.

"Eya," anatero a Dinah. "Dziralo ndinu."

Pamalo pomwe mapikapu amadikirira katundu panali mnyamata wina wa ku Moshi, dzina lake Godbless, wa nthabwala zambiri ndi pikapu yabuluu yokalamba kuposa ya a Dinah. Ankawapatsa ulemu wa pakamwa, "Shikamoo, mama Malawi," koma akatembenuka ankawayerekeza kununkhiza kwawo anzake n'kumaseka. M'galimoto mwake chigubu chinakhazikika ngati mwini nyumba. A Dinah anamuchenjeza kangapo. Tsiku lina ndinamva ndekha akumuuza m'Chiswahili chawo chosakaniza ndi Chichewa kuti abwere nayo ku Vingunguti Lamlungu aikonzere limodzi.

"Mama, iyi ndi ndege," anayankha Godbless akusisita boneti. "Chaka chonse yayenda chonchi."

Tsiku la ngoziyo ndinali nawo. Kasitomala wanga wa ku Lilongwe ananditumiza ziboliboli, ndiye titachoka ku Kariakoo tinadzera ku Mwenge kumene kuli osema mitengo. Kunali kotentha moti phula linkamata nsapato. Pobwerera tinalowa mu foleni pafupi ndi pokwerera mabasi, ndipo kutsogolo kwathu, magalimoto angapo, tinaona pikapu yabuluu ija itasenza matumba a makala. M'mbali mwa msewu munali okazinga tchipisi ndi mbaula zawo, azimayi ogulitsa zipatso, ndi ana asukulu akudikira basi.

A Dinah ndi amene anayamba kumva. Anakweza mphuno, nayang'ana uku ndi uku.

"Si yathu iyi," anatero.

Nthawi yomweyo utsi woyera unatuluka m'mbali mwa boneti ya Godbless, kenaka wakuda. Paipi yake yochokera m'chigubu inali itang'ambika, petulo n'kumadonthera pa chitsulo chotentha cha injini. Godbless anadumpha, nathamangira kutsogolo kuti atsegule boneti. Wina anatulukira ndi beseni la madzi otsukira mbale.

Sindinaone kuti a Dinah atsika bwanji. Ndinangoona duku likudutsa pakati pa magalimoto, chozimitsira moto chili m'manja.

"Usatsegule! Acha! Mukathira madzi moto uyenderera pansi!"

Anamukankha Godbless ndi phewa mpaka anakagwera pa bajaji, kanjinga kamoto ka matayala atatu. M'pamene tonse tinamva kugogoda kwa galasi. Kutsogolo kwa pikapu kunali munthu, mayi wachikulire mwini makala aja, amene pambuyo pake tinamva kuti ndi Bi Mwanamkuu. Chitseko cha mbali yake chinkatseguka ndi kunja kokha, ndipo chigubu cha petulo chinali pakati pa miyendo yake. Utsi unali utayamba kulowa mkati.

A Dinah anatsegula chitseko, nagwira mayi uja m'khwapa n'kumukokera kunja ngati thumba. Ine ndi mayi wogulitsa mananazi tinamulandira, akutsokomola, nsapato imodzi itatsalira m'galimoto. Ndinafuula kuti amayi bwerani basi, zatha. Sanandimve, kapena anandimva n'kundinyalanyaza. Anaweramiranso mkati. Chigubu chija chikadagwira moto, pamene panali mbaula ndi makala ndi ana paja, sindikudziwa kuti tikadakamba zotani lero. Anapinda paipi ndi zala kuti petulo asapitirire, naizula, n'kutuluka nacho chigubu. Petulo wotsalira m'paipi anawagwera pamkono, ndipo lawi lochokera pakabowo kodutsira paipi linalumphira pamenepo.

Ndinaona mkono wa ovolosi ukuyaka. Sanataye chigubucho. Anayenda nacho chotambasula dzanja linalo mpaka kuseri kwa ngalande, kutali ndi mbaula, nachikhazika pansi choimirira, kenaka anagwada n'kukulunga mkono woyakawo m'chitenje chimene mayi wa mananazi anawaponyera. Atadzuka anatola chozimitsira moto chawo.

"Kweza pang'ono pokha," anamuuza Godbless. "Kidogo! Pongolowa chala."

Godbless anakweza boneti ndi chitsulo, ndipo a Dinah anapopera ufa woyera pampata umenewo mpaka botolo linatha. Anyamata a kabaza wa njinga zamoto anabwera ndi ndowa yathu ya mchenga n'kukwirira petulo amene ankayaka pansi. Moto unazima. Azimayi a pamsika anayamba nthungululu.

A Dinah anakhala pansi m'mphepete mwa msewu, nkhope itatuwa. Khungu la mkono kuyambira pachikhatho mpaka pachigongono linali litatupa matuza. Bi Mwanamkuu anakwawira pomwe anali, nawagwira mapazi akulira ndi kutchula Mulungu. Iwo anangomuuza kuti "pole, mama," kutanthauza pepani mayi, ngati wopsayo anali mnzawoyo. Kenaka ananditembenukira.

"Achemwali, galimoto yanga yatseka msewu. Ndipo ziboliboli zanu zili padzuwa."

Amene anawatengera kuchipatala, pa pikapu yawo yomwe, anali Godbless. Nditakawauza a Dalton ku Vingunguti, anamvetsera mpaka kumapeto osaphethira. Misozi inatsika mbali yamoyo ya nkhope yawo, koma atafunsa funso linali lakuti, "Ana... anatsegula boneti?" Nditati ayi, anangoikweza pongolowa chala, iwo anagwedeza mutu n'kugogoda ndodo pansi modekha.

Mkono unatenga nthawi kupola, ndipo zala ziwiri sizipindikanso bwino mpaka lero. Panthawi yonse imene anali chigonere, Godbless ankabwera m'mawa kudzatenga pikapu yoyera ija, kunyamula nyama ndi katundu wa makasitomala a a Dinah, n'kukatula zonse zimene wapeza m'manja mwawo. Palibe anamutuma. A Dalton sankamupatsa makiyi asanagwade kusuzumira kunsi, ndipo mnyamata amene ankaseka uja ankagwada. Bi Mwanamkuu naye sanasiye kubwera ndi thumba la makala pakhomo, ngakhale a Dinah amukanize chotani.

Ulendo wanga wathawu ndinakawaona Lamlungu masana. Pabwalo la nyumba yawo panali mapikapu akale ataima mondondozana, ena a anzake a Godbless, ena a onyamula nyama, ndipo yabuluu ija inali pakati, boneti yatsopano yofiira yosagwirizana ndi thupi. Salipiritsa munthu. Amati aliyense agule yekha mapaipi ndi fyuluta, abwere adzagone yekha pamkeka, iwo amangoloza. Neema, amene tsopano akuphunzira za unamwino ndipo Chichewa amangomva osayankha, ankagawa tiyi.

Dalaivala wina wa ndevu ankakana kuti paipi yake ndi yakutha. Anati anaigula chaka chatha chomwechi. A Dinah anaitenga, naipinda pamaso pake ndi dzanja la zipseralo, ndipo inathyoka ngati chinangwa chouma.

"Kagule ina," anatero. "Sitolo ya pakona sinatseke. Tikudikira."

Munthuyo anayang'ana zidutswa ziwirizo, nayang'ana anzake amene ankamuseka, n'kunyamuka. A Dinah anandikokera mpando pafupi ndi amuna awo, nandifunsa ngati mvula yagwa ku Ntcheu, ndi ngati mbatata ya ku Tsangano yachita bwino chaka chino.