Zithunzi Zimene Ndinayanika Padzuwa ku Kanyama

Nkhani iyi ndikaifotokoza ena amati ndikuthira mchere, koma ine ndine mayi wamkulu, ndili ndi adzukulu, ndinamizirenji anthu? Zinandichitikira ine mwini kukomboni ya Kanyama, dzuwa likuswa mtengo, ndipo ambiri amene analipo tsiku limenelo akadali moyo, nchifukwa chake sinditchula dzina la munthu aliyense.

Bambo anga anagwira ntchito yophika zaka zambiri kwa mayi ena achizungu kumayadi. Mayiwo anali Myuda. Anabwera kuno ali kamtsikana, kuthawa ku Jeremani nthawi imene boma la kumeneko linkasaka Ayuda nkumawapha, ndipo pabanja lawo lonse anapulumuka ndi iwo okha. Ana sanabereke. Atamwalira kunabwera achibale a amuna awo kuchokera ku Joni, nagulitsa mipando ndi mbale, koma bokosi lachitsulo limene linali kunsi kwa bedi anauza bambo kuti akalitaye kudzala. Bambo sanalitaye. Ankatiuza kuti chaka chilichonse mayi aja ankatulutsa zithunzi za m'bokosimo, nkuyatsa kandulo m'tambula kuti iyake mpaka tsiku lotsatira, uku akukumbukira abale awo amene anaphedwa, ndipo tsiku lina mayiwo anauza bambo kukhitchini kuti iwo akadzapita sipadzakhalanso wowayatsira anthu amenewa. Nanga munthu wakuuza mawu otero, katundu wake ungamponye kudzala?

Choncho bokosi linabwera kukomboni, ndipo bambo ankayatsa kandulo ija chaka ndi chaka. Iwonso atamwalira linatsalira ine, poti alongo anga maso awo anali pa wailesi ndi njinga. Nanenso ndinkayatsa, osati kuti ndinkamvetsa kwenikweni, koma kandulo imodzi pachaka siingasaukitse munthu. M'bokosimo munali zithunzi zambirimbiri za anthu ovala makhoti olemera, za ukwati, za ana ataima pakhomo pa sitolo. Munalinso mapepala a zidindo, ena okhala ndi chidindo cha mbalame itaponda mtanda wopindika, buku la zilembo zachilendo, ndi tibokosi tiwiri takuda tokhala ndi zingwe zazitali zachikopa. Kunena zoona, tibokosito nanenso sindinkakonda kutigwira.

Chaka chimene ndikunenachi mvula inativuta. Amene munakhalako ku Kanyama mukudziwa kuti pansi pake ndi mwala, madzi salowa, amangoima nkumakuyang'anani. Analowa m'nyumba mpaka m'mawondo, zimbudzi zinasefukira, ndipo ine mtima wanga unali pa belo la salaula, zovala za kaunjika zimene ndinkagulitsa, bokosi ndinaliiwala. Dzuwa litatuluka ndinapeza kuti linachita dzimbiri kunsi ndipo madzi analowa. Ndinamva chisoni kwambiri. Ndinatenga lata lakale, nkuliika pamwamba pa migolo panja, nkuyala zithunzi ndi mapepala m'mizere kuti ziume, ndipo pachithunzi chilichonse ndinaikapo kamwala kuti mphepo isachiulutse. Tibokosi tija ndinatipachika ndi zingwe zake pawaya woyanikira zovala. Tangoganizani mmene zinkaonekera kwa munthu wodutsa, koma ine nzeru imeneyo inalibe malo m'mutu mwanga, ndinkangoganiza zopulumutsa katundu wa bambo.

Anayamba ndi mayi wina wochokera kotunga madzi. Anaima, nayang'ana, osapereka moni, nabwerera kumene anachokera chidebe chili pamutu. Posakhalitsa pakhomo panga panadzaza. Ndinkangomva kunong'ona, ati onani vinthu va satana, ati bamayo aba tinali kubakayikira kudala. Tsono nyumba yoyandikana ndi yanga munali mayi wachitsikana amene kamwana kake kongoyamba kumene kuyenda kanali katadwala kuyambira dzulo lake. Wina anakumbuka kuti anaonapo kandulo ikuyaka m'nyumba mwanga masana, magetsi alipo, ine nditapita kumsika. Basi nkhani inagwirana pomwepo.

Anakaitana mneneri wina amene anali ndi tchalitchi cha tenti kufupi ndi msika. Anabwera ndi Baibulo m'khwapa ndi kabotolo ka mafuta, nazungulira lata lija ngati munthu wogula mbuzi, kenaka nayamba kumasulira. Ati chithunzi chilichonse ndi munthu amene ndinamudya, ati timiyalato ndi topsinjira mizimu yawo kuti isandivutitse, ati zingwe zachikopazo ndi zomangira ana a eni, ndipo zilembo za m'bukumo ndi zolembedwa pansi pa nyanja. Ndinayesa kufotokoza za bambo anga ndi mayi achiyuda aja, koma ndani akanamva? Pakamwa panga paja sipachedwa, ndinawafunsa kuti ngati ndinali wa satana ndikanakhala m'nyumba ya madzi a m'chimbudzi mpaka m'mawondo, satana ameneyo ndi waumphawi bwanji? Palibe anaseka. Mwala woyamba unagunda chitseko kumbuyo kwanga, ndipo nditakweza maso ndinaona anyamata akugubuduza tayala, wina atanyamula botolo la petulo.

Abale, ndinaopa. Sindichita manyazi kunena kuti ndinadzikodzera nditaima pomwepo. Makutu anangoti ngwii, ndipo chimene ndinkaganiza chinali mwana wanga wamkazi amene anali kusukulu, kuti akabwera apeza chiyani pakhomo. Zithunzi zochepa zimene ndinali nditatola phokoso likuyamba ndinazilowetsa m'bulauzi osadziwa nkomwe kuti ndikuchita chiyani.

Pamenepo anatulukira mayi wa mwana uja, tsitsi lili nyankhalala, nandigwira chitenje nkundikokera m'nyumba mwake uku akulira kuti ndimumasule mwana wake, ati andipatsa chilichonse, ndingomumasula. Nditalowa ndinapeza kamwana kali pamphasa, maso atalowa m'kati, milomo itauma, ndipo zimene kankatsegula zinali ngati madzi otsukira mpunga. Ine ndakulira ku Kanyama, kolera ndimaidziwa. Ndinamuuza kuti mwanayu akufunika kukiliniki tsopano lino, koma iye ati ba mneneri anena kuti si matenda a chipatala. Ndinawerama, nkunyamula mwanayo, nkumubereka kumbuyo ndi chitenje changa chomwe chinali chonyowa. Musanditamande ayi. Chifundo chinalipo, inde, koma chinandibwereranso m'mutu ndi chakuti kwathu kuno, ngakhale munthu akwiye chotani, saponya mwala kwa mayi amene wabereka mwana kumbuyo.

Nditatuluka anthu anapatuka, miyala ili m'manja. Ndinanena mokweza kuti ndikupita kukiliniki, wofuna anditsatire. Ndinamva bambo wina kumbuyo akunena mofatsa, osakalipa nkomwe, kuti musiyeni apite, koma mwana akafera pamsana pake iyenso sabwerako. Mawu amenewo mpaka lero ndimawamva.

Minibasi sizinkafika kwathu chifukwa cha madzi, ndiye unali ulendo wapansi, kuponda pamiyala ndi panjerwa zimene anthu anaika m'njira, penanso kungolowa m'madzi obiriwira aja. Mayi wa mwana anali pambali panga akulira, anyamata a tayala ali m'mbuyo, osathamanga, osatsalira. Mutu wa mwana unkangogwera uku ndi uku. Ndinkayesa kumvetsera ndi msana wanga ngati akupuma, koma mtima wanga womwe unkagunda kwambiri moti sindinkasiyanitsa. Ndinamutsina kamwendo kuti mwina alire, sanalire. Ndinamutsinanso mwamphamvu, anangoti kukoka kaphazi pang'ono, ndipo ine ndinathokoza Mulungu chifukwa cha kaphazi kameneko kuposa mmene ndinathokozera tsiku la ukwati wanga. Kodi munayamba mwapempherera mwana wa mwini mukudziwa kuti mpweya wake ndiwo mpweya wanu? Nditacheuka kamodzi ndinaona utsi wakuda ukukwera cha kwathu, ndipo sindinadziwe ngati likupsa ndi bokosi kapena nyumba.

Kukiliniki anali atamanga tenti ya odwala kolera. Namwino anangomuyang'ana mwanayo kamodzi nkumulanda pamsana panga, ndipo mlonda ataona gulu lija anatseka geti. Ndinakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, ndikuona kudzera m'mawaya anyamata aja atakhalira tayala lawo, akudya chimanga chootcha ngati akudikira basi. Namwino aliyense akatuluka m'tenti ndinkaimirira. Pomaliza mmodzi anabwera kudzanena kuti madzi amene anamuika m'mitsempha agwira ntchito, mwana watsegula maso ndipo akulirira bere. Uthenga utafika kunja anthu anayamba kumwazikana, koma ndinamva wina akuti mwaona, wamumasula chifukwa cha mantha.

Kunyumba ndinapeza chitseko chothyoka ndi bokosi lili gada, lakuda bii, pakati pa phulusa. Mapepala, buku, tibokosi tija ndi zithunzi zonse zimene zinali palata zinapsa. Chodabwitsa, belo la salaula la mfiti yomweyo sanaliotche, linangopeza eni atsopano, ndipo siketi ina ndinadzaiona itavalidwa ku tchalitchi cha tenti chija. Sabata yomweyo ndinasamukira kwa mkulu wanga ku Matero.

Patapita nthawi mwana wanga anafunsafunsa, napeza kuti m'tauni mukadali Ayuda ochepa, ndipo pali gogo wina wamkazi amene amasonkhanitsa mapepala ndi zithunzi za mabanja amene anathawira kuno, nkumazitumiza kumene amasunga mbiri ya anthu amenewa. Ndinapita ndi zithunzi zimene zinapulumukira m'bulauzi zija, zopindika, zothimbirira ndi thukuta langa. Gogoyo anasamba m'manja asanazigwire. Anawerenga zolembedwa kumbuyo kwake, nafufuza nthawi yaitali pa kompyuta, kenaka anandiuza kuti za banja limenelo chimene chinkadziwika ndi chakuti makolo anakwezedwa sitima ndipo sanabwerenso, koma nkhope zawo palibe amene anali nazo. Kamtsikana kena ka riboni kumutu, mng'ono wawo wa mayi aja, sikanalembedwe paliponse, dziko silinkadziwa nkomwe kuti kanabadwa. Nditamufunsa za tibokosi takuda anati nta pemphero, amuna amamanga kena pamkono kena pachipumi, ndipo m'kati mwake mumakhala mawu a m'mabuku a Mose, omwewo amene mneneri uja anapanira m'khwapa.

Kenaka anandifunsa mwaulemu ngati kunyumba kwatsala zina. Ndinamuuza kuti linali bokosi lodzaza, ndi mmene linathera. Anavula magalasi, ine ndikungoyang'ana pansi. Atayankhula sanandidzudzule, anangoti kwawo kuja nakonso zinayamba chimodzimodzi, anthu kunena kuti Ayuda amapha ana a anzawo, kenaka kuotcha mabuku pamsewu, ndipo oyatsa moto ambiri anali oyandikana nawo nyumba. Ndinalira pamaso pa munthu wachilendo, chifukwa anthu aja anathawitsa nkhope zawo kumoto wina kutsidya kwa nyanja, nkudzapsera pakhomo panga ku Kanyama.

Mwina mukuganiza kuti choonadi chinadziwika ndipo anthu anachita manyazi. Zaka zingapo zapitazo ndinakumana ndi mayi wa mwana uja pokwerera minibasi m'tauni. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, nandiuza kuti mnyamata wakula, ali kusekondale, kenaka anayandikira kukhutu kwanga nkunong'ona kuti sadzaiwala chifundo chimene ndinamuchitira pomumasula mwana wake. Ndinangoti zikomo, nkukwera basi yoyamba imene inaima, ngakhale siinali ya kwathu.

Ine tsopano mizimu ya akufa sindiiopa, bokosi lija linakhala kunsi kwa bedi langa zaka zonsezo osandilotetsa ngakhale loto loipa. Chimene ndimaopa ndi gulu la anthu amoyo amene ali ndi mwana wodwala ndipo akufuna womuloza chala. Ngati kwanu kuli mapepala kapena zithunzi zimene makolo anu anasiyiridwa ndi anthu othawa nkhondo, musadikire madzi osefukira, kazipereke kwa osunga mbiri zikadali zonse. Ndipo mukadzamva phokoso m'komboni kuti agwira wa satana, mwendo wanu usafulumire, dzanja lisatole mwala musanafunse. Amene anandigubuduzira tayala tsiku lija sanachokere kutali, ena ndinawasambitsa ndine ali makanda.