Choko chofiila, chakuda ndi choyela

Mkazi wanga atamwalila, masana ndiwo ankandivuta. M'mawa ndinali ndi dimba, madzulo mapemphelo, koma dzuwa likafika pamutu ndinkangokhala pakhonde, manja pamaondo. Ana anali atabwelela kwawo, wina ku Nyimba, wina ku Lusaka.

Pasukulu ya kwathu ku Nyampande panali mphunzitsi wochokela ku Migodi, kuja kokumba mkuwa, wa Chinyanja chosakaniza ndi Chibemba, amene ankagula tomato kudimba kwanga. Tsiku lina anabwela ndi kachitini kodzaza tizidutswa ta choko cha mitundumitundu. Anati dzina lake ndi mapasitelo. Ndinamuuza kuti ine ngakhale nkhuku sindingaijambule. Iye anati zili bwino, chifukwa kujambula kumene ankafuna kundionetsa sikufuna nkhuku, munthu kapena nyumba. Umangoika mtundu pafupi ndi mtundu wina, n'kutikita ndi chala, mpaka chimene chakutsekeleza pachifuwa chitakhala papepala.

Anandiphunzitsa kusankha. Choko chimenechi chilipo chamafuta, chonga kandulo, chimene ana amagwilitsa nchito kusukulu, ndipo chilipo chofewa chosiya fumbi. Chofewacho ndicho chimamvela chala. Pepala la m'kope n'lotelela, fumbi siligwila. Tinkang'amba matumba a simenti n'kutenga pepala la pakati, lokhakhala bwino, n'kuliwongola poliika pansi pa mphasa. Ukamaliza uyenela kupopela mankhwala a tsitsi la azimai kuti fumbi lisayoyoke. Nditapita kukagula mankhwalawo ku Petauke, mtsikana wa m'sitolo anayang'ana dazi langa n'kufunsa kuti, "Bambo, nanga mukapopela pati?" Ndinaseka. Aka kanali koyamba kuseka chichitikile malilo.

Choko chofewa ku Petauke sindinachipeze. Ndinachipeza ku Nyimba nditapita kukaona mwana wanga, m'kasitolo ka makope kumene ankagulitsa chimodzichimodzi. Mphunzitsi uja anali atanena kuti woyamba kumene asachulutse, mitundu itatu ikwana. M'bokosi la m'sitolomo munali mutatsala chofiila, chakuda, choyela ndi kachikasu kophwanyika. Ndinatenga zitatu zathunthuzo. Ine wobadwila kuno, sindinakumbukile kuti imeneyi ndiyo mitundu ya nsalu zimene asing'anga amapachika m'nyumba zawo.

Patapita miyezi iwili mphunzitsiyo anamusamutsila kusukulu ina cha ku Kacholola. Ndinapitiliza ndekha. Popeza mankhwala a tsitsi amatsamwitsa m'nyumba, ndinkayala mapepala pansi kuseli kwa nyumba, mwala pangodya iliyonse, n'kupopela pomwepo.

Kuseli kumeneko kumadutsa kanjila kopita kumjigo. Tsiku lina mai wa nyumba yoyandikana ndi yanga anaima ndi ndowa yake, akuyang'ana mapepala anai ali ndandanda pansi, mizele yakuda yopingasa, pakati pofiila.

"Bambo, n'chiyani ichi?"

"Si chinthu, amai," ndinayankha.

Ndinanena zoona monga anandiphunzitsila. Koma maiyo anayang'ana zala zanga zofiila, n'kunyamuka osatsazika.

Sabata yomweyo mwana wake wamkazi, wa zaka zisanu ndi ziwili, anatentha thupi n'kuyamba kukomoka. Anathamanga naye kuchipatala ku Petauke pa njinga yamoto.

Palibe amene anandiuza kanthu. Ndinangoona moni akufupika. Tomato anapsa m'dimba popanda wobwela kudzagula. Lamulungu ku chalichi, pabenchi pamene timakhala anthu asanu mothinana, ndinakhala ndekha, malo mbali zonse ziwili. Ndinaimba nyimbo zonse koma mawu ankatuluka owuma. Ndili mnyamata ndinaonapo nkhalamba ina ya ku Sandwe, yokhala yokha ngati ine, itafika pamsewu ndi kathumba kamodzi, nyumba yake anthu atayiotcha. Nthawi imeneyo sindinafunse ngati inalakwadi. Tsopano nkhope yake inkandibwelela ndikamatseka chitseko.

Lolemba masana kunabwela mkulu wa mpingo, mnzanga wa zaka zambili, amene ananyamula nawo bokosi la mkazi wanga. Anakana mpando n'kukhala pamwala. Anandiuza mosazungulila kuti anthu akunena kuti ndikulemba zinthu pansi, kuti ndinayamba mkazi wanga atangofa, ndipo ena ayamba kufunsanso za imfa yakeyo. Ndinatulutsa mapepala onse, khumi ndi awili. Anawatembenuza uku ndi uku, kufuna kumtunda kwake. Anandifunsa kuti chimenechi chikutanthauza chiyani. Ndinayesa kufotokoza kuti chakudacho ndi mmene masana amakhalila, chofiilacho sindidziwa, koma ndikachitikita mtima umakhala pansi. Ndinadzimva ndekha kuti mawu angawo sakanandipulumutsa pamaso pa anthu.

Iye anati amandikhulupilila, koma mudzi si iye yekha. Anandilangiza kuti ndiotche zonse, mapepala ndi choko chomwe, pabwalo, anthu akuona, nkhani ithe.

Ndinalowa m'nyumba kukatenga machisi. Ndinali nditavomela, chifukwa mapepala a simenti si kanthu poyelekeza ndi dzina la munthu. Koma pobwelela ndinaima pakhomo, machisi ali m'manja.

"Akulu," ndinatelo, "ndikaotcha lelo, mwana uja n'kuchila mailo, anthu adzati anachila ndi chiyani?"

Anakanda ndevu, n'kundibwezela funso.

"Nanga mukapanda kuotcha, mwanayo n'kutisiya?"

Funso lake linali lolemela mofanana ndi langa. Tinapemphela mwachidule, iye n'kupita.

Sindinaotche. Sindinganene kuti kunali kulimba mtima. Ndinangoona kuti kuotcha kukanakhala kuvomela chinthu chimene sindinachite, ndipo bodza limenelo likanatsala pa ana anga. Ndinatenga misomali n'kukhomela mapepala onse pakhoma la pakhonde, moyang'ana kunjila, kuti pasakhale wonena kuti ndikubisa.

Ndinaimbila foni mphunzitsi uja. Poyamba anaseka kwambili, kenako atamva za mwanayo anasiya kuseka. Anati abwela Loweluka kudzafotokozela anthu. Ndinamuletsa. Mlendo wa ku Migodi amene anabweletsa chokocho akanangowonjezela nkhuni.

Anapita masiku asanu ndi limodzi. Kudimba ndinkapita m'mawa kwambili, kudzela njila yakutali. Njinga yamoto ikamveka kumsewu ndinkasiya khasu n'kumvetsela ngati ikhotela kwathu. Tsiku lina azimai anaseka mokweza kumjigo, ine n'kumva ngati mfuu ya malilo, mpaka ndinakhala pansi pamzele wa tomato. Ndinalongedza zovala ziwili ndi Baibulo m'kachikwama n'kukaika pafupi ndi chitseko, kenako ndinachita nako manyazi, n'kukamasula, mailo lake n'kulongedzanso. Choko sindinachikhudze. Ndinkasamba m'manja ndi mchenga kuti kufiila kuchoke m'zikhadabo.

Ndipo ndinkapemphela. Ndinapemphelela kamtsikanako pogwada, poyenda, potunga madzi, kuposa mmene ndinapemphelela mkazi wanga ali m'chipatala.

Lamulungu masana njinga yamoto inakhoteladi kwathu. Ndinasuzumila pazenela. Mwanayo anali pakati pa woyendetsa ndi mai ake, wowonda, mutu atafunda chitenje, koma atakhala yekha osagwililidwa. Ndinamva kuti anali malungo okwela kumutu. Mapepala anga anali pakhoma pomwe paja, ena atapindika ndi mphepo.

Palibe anabwela kudzapepesa, ndipo sindinayembekezele. Moni anabwelela pang'onopang'ono. Benchi inadzadzanso patapita milungu itatu. Mai uja amandipatsa moni, ngakhale popita kumjigo amadzela kwina. Sindimuimba mlandu. Mwana wako akamagwedezeka m'manja mwako, umagwila chifukwa chilichonse chimene chili pafupi.

Chimene chinatsala ndi changa ndekha. Mgonelo wa Ambuye utayandikila ndinapita kwa mkulu wa mpingo uja n'kumuuza kuti sindikudziwa ngati ndiyenela kudya nawo. Pa mapemphelo onse aja, sindinkatha kusiyanitsa kuti a mwanayo ndi ati, ndi ofuna kupulumutsa khosi langa ndi ati. Iye anati nayenso sakudziwa, ndipo pamene anandiuza kuti ndiotche, ankaopanso za iye mwini, kuti angamuyese mnzake wa mfiti. Anati tipite tonse patebulo, tikanene zimenezo kumeneko.

Tinapita. Chikho chitafika kwa ine, ndinachilandila n'kumwa.