Taifodi M'mapoto a Mayi Basela

Inu amene mukuwerenga izi mutagwira tsaya, mukuona ngati dzina lanu lada moti silingayerenso, takhalani kaye pansi mumve za mayi wina amene ankaphika zakudya pageti la fakitale.

Zinthu zinawathera Lachitatu, nthawi ikuthamangira kumasana. Mpunga unali utapsa, nyemba zili fungo guu. Belu la fakitale litatsala pang'ono kulira, kunafika mlangizi wa zaumoyo, mayi wamfupi wonyamula chikwama cha timabotolo, kalata ili m'manja. Ananena modekha kuti malowo akutsekedwa ndipo chakudya chonse chitayidwe. Antchito potuluka pageti ndi njala yawo anapeza mapoto awiri akukhuthulidwira m'dzenje, mwini wake atakhala pandowa yovundikira.

Onse ankawatcha Mayi Basela, chifukwa dzanja lawo silinkadziwa kupereka mbale popanda kuwonjezerapo kachipande. Amuna awo atamwalira, mapoto omwewo ndi amene analera ana awo awiri kwa zaka zisanu ndi chimodzi.

Koma m'mwezi umodzi wokha, anthu khumi ndi anayi anagonekedwa m'chipatala ndi taifodi, ndipo onsewo ankadya za Mayi Basela. A zaumoyo anayeza madzi a pampopi, anayezanso chimbudzi cha aliyense wophika pagetipo. Tizilombo tinapezeka mwa munthu mmodzi yekha.

Mayiwo anayesa kutsutsa. Anati iwo sakudwala, ndipo chaka chonse sanajombepo ngakhale tsiku limodzi. Palibe anawamvera. Munthu wina m'gulumo anaponya mawu akuti kani basela uja anali matenda, anthu n'kufa nacho chiseko. Pofika madzulo, nthabwalayo inali itawatsogolera kale kunyumba.

Chimene chinawalasa kwambiri sichinali chisekocho. Panali bambo wina wowotcherera zitsulo amene ankagula mbale ziwiri tsiku lililonse, ina n'kupita nayo kwa mwana wake wamkazi wa zaka zisanu ndi zinayi. Mwanayo ndi amene anadwala kuposa onse. Matumbo ake anabooka, mpaka madokotala anam'chita opaleshoni. Mayi Basela anapita kuchipatala kuti akazonde, koma mayi a mwanayo anawakumaniza pakhomo la wodi n'kuwafunsa ngati abwera kudzamumaliza. Bambo wowotcherera uja anangoyang'ana pansi.

Mayi Basela anabwerera kunyumba n'kudzitsekera masiku atatu. Ankaopa ngakhale kudulira ana awo omwe buledi.

Tsiku lachinayi kunamveka odi. Anali mlangizi yemwe uja, koma ulendo uno analibe kalata. Analowa, anawapatsa moni wa pamanja, n'kukhala pampando wothyoka mwendo ngati kuti ndi kwawo. Linali dzanja loyamba kuwagwira chitsekereni malo awo, ndipo Mayi Basela, amene anakonzeka kumulalatira, anapezeka akulira.

Mlangiziyo anadikira kuti misozi iphwe, kenako anayamba kufotokoza. Anati taifodi imabwera ndi mabakiteriya, tizilombo tating'ono kwambiri tosaoneka ndi maso. Timalowa pakamwa, kudzera m'chakudya kapena m'madzi. Tikafika m'matumbo timaswana, timadutsa khoma la matumbo n'kulowa m'magazi, ndiye munthu amatentha thupi masiku ambiri, mutu umaphwanya, m'mimba mumapota. Potuluka, timatuluka ndi chimbudzi. Koma pali anthu ena amene akachira, tizilomboto timabisala m'ndulu mwawo. Iwo amayenda bwinobwino, ali gwa, koma akumatitulutsa tsiku ndi tsiku osadziwa.

Apo Mayi Basela anakumbukira. Zaka ziwiri zapitazo anatenthapo thupi kwa milungu iwiri. Kuchipatala sanapite. Anagula makapisozi kugolosale, kumwa masiku atatu, atamva bwino n'kubwerera kumapoto.

Ndiye mlangizi anayamba kufunsa timafunso tooneka ngati topanda pake. Akakhala pantchito amapita kuchimbudzi chiti? Cha kuseri kwa msika, kopanda madzi. Akabwerako amasamba kuti m'manja? M'beseni la pakhomo, lomwe lija amasambamo makasitomala onse, limene pofika masana madzi ake amakhala ngati tiyi wamkaka. Nanga sopo? Sopo anali wotsukira mapoto madzulo. Nanga kansalu kapaphewa? Kameneko kankapukuta manja, mbale, tebulo ndi thukuta lomwe. Tomato ndi kabichi wosaphika ankamudula ndi manja omwewo n'kuwaza pamwamba pa mpunga.

Poyankha funso lomaliza, mawu awo anali atatsika. Njira yonse ya tizilombo tija anali ataiona okha, kuchokera kuchimbudzi mpaka pambale ya mwana wa eni.

"Simunachite dala, mayi," anatero mlangiziyo. "Dzulo simunkadziwa. Koma lero mwadziwa, ndiye mlandu wanu ukuyambira lero."

Mawa lake anapita nawo kulabu ya chipatala. Woyeza anawaonetsa kambale kagalasi kokhala ndi timadontho, n'kuwauza kuti kadontho kalikonse ndi mabakiteriya osawerengeka amene amera kuchokera pa zimene iwo anapereka. Anawalolanso kusuzumira pamakina okuza zinthu. Anaona timitengo ting'onoting'ono tambirimbiri, ndipo anakhala nthawi yaitali diso lili pomwepo. Potuluka ananena kuti zaka zonsezi ankaopa anthu ansanje, osadziwa kuti mdani akumuyendetsa okha m'mimba.

Dokotala anawalembera mankhwala opha mabakiteriya oti amwe kwa mwezi wathunthu, n'kuwaletsa kuphikira anthu mpaka atayezedwa katatu n'kupezeka alibe kanthu.

Nanga ana adya chiyani? Apa ndi pamene anatulukira achimwene awo, telala wa shopu yopapatiza, yodzaza nyenyeswa za nsalu ndi fungo la mafuta a makina. Anawaitana kuti azikasita zovala zosokedwa kumene.

"Bwera, chemwali," anatero. "Simbi siidwala taifodi."

Aka kanali koyamba kuti Mayi Basela aseke.

Koma ulendo wochira sunayende myaa. Mankhwalawo ankawachititsa nseru, ndipo mnzawo woyandikana naye nyumba ankawafunsa tsiku lililonse kuti munthu wosadwala amamweranji mankhwala. Atamwa masiku khumi anasiya, otsalawo n'kuwabisa pansi pa matiresi. Atapita kukayezetsa, tizilombo tinapezeka tilipobe.

Manyazi anawagwira, koma anaulula. Mlangizi sanakalipe. Anangowauza kuti mankhwala akasiyidwa panjira, amene amafa ndi mabakiteriya ofooka okha. Olimba amatsala, amaswana, ndipo mawa mankhwala omwewo amangowaseka. Kenako anawakumbutsa kuti mwana uja akadali m'chipatala.

Anayambiranso, ulendo uno kwa nthawi yotalikirapo. Achimwene awo anatenga mankhwalawo n'kuwasunga m'kabati ya makina osokera, pamodzi ndi mabatani. M'mawa uliwonse simbi inkatuluka pokhapokha mbulu wa mankhwala utamezedwa iwo akuona, ndipo madzulo asanatseke shopu zinkateronso. Mayi Basela ankadandaula kuti akuwatenga ngati mwana wa mkaka. Achimwenewo ankangoyankha kuti mwana wa mkaka sabisa mankhwala pansi pa matiresi.

Kuyeza koyamba kunatuluka bwino. Kwachiwiri chimodzimodzi. Tsiku lokamva zachitatu anakhala pabenchi la chipatala mpaka woyeza uja anatuluka akumwetulira n'kuwauza kuti ndulu yawo yatsala yokha, alendo asamuka. Mayi Basela anamugwira dzanja ndi manja awiri n'kumuthokoza.

Panatsala phiri lina. Kuti atsegulenso anayenera kuphunzira za ukhondo wa chakudya n'kulemba mayeso. Iwo sukulu anaisiyira kalasi yachisanu. Zonse ankazidziwa pamtima, koma cholembera chinawakanika, ndipo analephera. Anafika kushopu akunena kuti basi, azingosita mpaka kukalamba. Achimwene awo anatenga kabuku ka maphunzirowo n'kukayedzamiritsa pamakina, ndipo kwa milungu isanu ankawafunsa mafunso uku akusoka, mapini ali kukamwa, iwo akuyankha polemba kuseri kwa mapepala odulira mapatani. Ulendo wachiwiri anakhoza.

Patatha miyezi isanu ndi iwiri chitsekereni, Mayi Basela anabwerera pageti lija. Beseni lija panalibe. M'malo mwake munali ndowa ya mpopi yothira madzi oyenderera, sopo atamangidwa pachingwe. Madzi akumwa anali owiritsa, osungidwa m'chigubu chotseka. Chakudya chinkaperekedwa chikadali cha moto, chovundikira kuti ntchentche zisaterepo, masamba onse ophika. Kansalu kapaphewa anakaotcha okha.

Belu linalira, anthu anatuluka, n'kuwalambalala ngati chithaphwi. Tsiku loyamba sanagulitse mbale ndi imodzi yomwe. Lachiwiri chimodzimodzi. Anayamba kuphika pang'ono, chotsala n'kumapita nacho kwa ana. Mlangizi ankabwera masana ena, kusamba m'manja, kukhala pabenchi loyang'ana kumsewu n'kumadya pang'onopang'ono kuti aliyense amuone. Komabe masiku asanu ndi atatu anatha benchilo lili la iye yekha.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, munthu anaima pandowa ija n'kutsegula mpopi. Mayi Basela atadzutsa mutu anaona kuti ndi bambo wowotcherera zitsulo uja. Chipande chinawagwa m'manja. Bamboyo anasamba ndi sopo mosafulumira, pakati pa zala ndi m'zikhadabo momwe, monga anamuphunzitsira kuwodi ya ana, kenako anakhala pansi.

"Mwana wanga anachira, wabwerera kusukulu," anatero. "Ndamva kuti inunso munachira. Ndipatseni mbale, mayi."

Mayi Basela anam'pakulira. Anayesa kupepesa, koma bamboyo anati nayenso kwawo ankasambira m'beseni limodzi banja lonse, ndipo matendawa akanatha kulowera khomo lililonse. Podya anaona kuti ndowa ija yakhala pampando wogwedera. Patapita masiku awiri anabwera atasenza choikapo chachitsulo chimene anawotcherera yekha, chokhala ndi chopondera, kuti munthu azitsegula madzi ndi phazi osagwira mpopi ndi manja akuda.

Akazi ake sanafikepo pamalopo mpaka lero, ndipo Mayi Basela sawaimba mlandu. Amati mayi amene anagonapo pansi m'chipatala kudikirira mwana wong'ambidwa pamimba ali ndi ufulu wosunga mkwiyo wake.

Koma anthu ataona kuti bambo wa mwana yemwe uja akudya pamenepo, anayamba kubwera, awiri lero, asanu mawa. Ena ankabwera kudzangoyesa chopondera chija. Aliyense wofuna kudumpha ndowa ankabwezedwa, kaya ndi kapitawo, kaya ndi mlonda. Anthu anayamba kuseka kuti kwa Mayi Basela sulipira ndi ndalama zokha, umalipiranso ndi thovu.

Nyengo ya mvula itafika, matenda otsegula m'mimba anavuta m'misewu yozungulira, koma mwa odya pabenchi lawo sanamveke wodwala. Mlangizi anawapempha kuti akalankhule kwa anzawo ophika zakudya pamsika. Anachita mantha, koma anapita. Ataima kutsogolo, mapepala amene anakonza anawaiwala, n'kungoyamba ndi zimene zinali pamtima.

"Ine ndi uja ndinadwalitsa anthu khumi ndi anayi. Sindinali mfiti, sindinali wauve kuposa inu. Ndinkangosamba m'manja ngati mmene mumasambira inumu."

Zimene a zaumoyo analankhula zaka zambiri anthu akusinza, tsiku limenelo zinalowa.

Chaka chotsatira, akuluakulu a fakitale anafuna munthu woyendetsa kantini ya mkati. Antchito okha ndi amene anatchula dzina lawo. Lero Mayi Basela ali ndi khitchini ya matailosi oyera, masinki atatu ndi antchito asanu ndi mmodzi. Lamulo lawo loyamba ndi lakuti wotsegula m'mimba kapena wotentha thupi asabise. Apite kuchipatala, amalize mankhwala, ntchito yake aipeza, ndipo malipiro ake sadulidwa. Amadziwa kuti munthu woopa njala amabisa matenda. Ana awo onse awiri anakabayitsa katemera wa taifodi, ndipo wamkuluyo akuphunzira zoyeza matenda mulabu.

Mukawafunsa kuti ndani anawakweza, sayamba ndi dzina lawo. Amatchula achimwene awo ndi kabati ya mabatani. Amatchula bambo amene anali ndi chifukwa chokwanira chowadera moyo wonse, koma anasankha kukhala pabenchi. Ndipo koposa onse amatchula mayi wamfupi amene anawatayira mapoto awiri a chakudya anthu akuona. Amati akanapanda kutero, bwenzi lero akuwerenga manda, osati mbale. Paja akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi.

Tsono inu amene mwagwa, mwina chifukwa cha cholakwa chimene simunachidziwe n'komwe, musathawe amene wakuuzani choonadi chowawa. Funsani, phunzirani, malizani mankhwala anu, ndipo mukalephera mayeso kalembeninso. Benchi likhoza kukhala lopanda munthu masiku asanu ndi atatu, inu phikanibe. Sambani m'manja ndi sopo, imirirani, muyambirenso. Osataya mtima.