Azamba ndi Bondo la Achimwene

Azamba sanabereketsepo munthu ngakhale mmodzi, ndipo akangoona magazi amayang'ana kumbali. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a kuntchito, mu ofesi ya pamwamba pa sitolo ya matayala, momwe kampani ina yotumiza katundu pa njinga zamoto imalembera mapulogalamu ake a kompyuta. Ndi mayi wowonda, wa nsapato zopukutidwa bwino, amene amayenda ndi kapu yakeyake m'chikwama, ndipo akafuna kukhala pampando wa wina amayamba aupukuta kaye.

Musawaseke msanga, ofesiyo inali yonyansadi. Fungo la labala limakwera kuchokera pansi n'kusakanikirana ndi la sokosi. Mu sinki munkagona makapu a tiyi mpaka kumera ndevu. Mnzawo wina, bambo wa kamimba amene onse ankamutcha Mafulumira, ankadya tchipisi ndi dzanja lomwelo lolembera, moti kiyibodi yake inkanyezimira mafuta. Bwana nawo anali ndi kachizolowezi kowenga zikhadabo pamsonkhano, tizidutswa n'kumathethekera aliyense wokhala pafupi. Azamba ankangotsonya chamumtima, n'kubwerera kwa maekita awo.

Pulogalamu ya kampaniyo si chimunthu chimodzi chachikulu ayi. Ndi khamu la tiantchito tosaoneka, tomwe a ntchitoyi amatitcha maekita, ngakhale sitinachitepo sewero. Woyendetsa njinga aliyense ali ndi ekita wake, amene amamutumizira maulendo pa foni. Ekita ali ndi kabokosi ka mauthenga, amatsegula umodziumodzi, ndipo zomwe akudziwa amasunga m'mutu mwake yekha. Palibe angapisemo dzanja. Ukafuna kanthu kwa iye umamutumizira uthenga, uthengawo n'kufola pamzere ngati wina aliyense. Pamwamba pawo pali kapitawo, nayenso ekita, wa ntchito imodzi yokha. Wina akatsamwa ndi uthenga woipa n'kugwa, kapitawo samuthira madzi, samufunsanso kuti chavuta n'chiyani. Amangomuchotsa, n'kubereka wina watsopano pamalo pomwepo. Kapitawoyu anamulemba ndi Azamba, ndipo dzina linamatira pamenepo.

Ntchitoyi ankaikonda, tisaname. Ekita sasiya kapu mu sinki, sanama kuti wadwala, sakhudza za mnzake. Aliyense wobwera kumene pa ofesipo Azamba ankamulalikira mawu amodzimodzi, akuti ekita wogwa usamunyengerere, musiye agwe, wina adzuka woyera.

Koma panali ekita mmodzi amene ankamusuzumira kawirikawiri kuposa ena. Anali wa achimwene awo. Achimwenewa ndi amene anawalera makolo atamwalira, kuwanyamula pa njinga kupita kusukulu, kuwakalipira akalephera masamu. Tsopano imvi zinali zitayamba, ndipo m'bondo lawo lakumanja munali chitsulo cha ngozi yakale. Ayendetsera kampaniyo njinga zaka zambiri, ndipo ekita wawo ankawadziwa ngati mkazi wawo. Ankadziwa kuti bamboyu zolemera ayi, kumtunda kwa miyala ayi. Ankawapatsa timaulendo ta m'tauni, mankhwala, magalasi a maso, mapepala a maloya. Azamba anauzapo bwana kuti zimene maekita amadziwa za anthu zizisungidwanso pena pake, kuti wobadwa kumene azizipeza. Bwana anati n'zabwino zedi, tidzaziona. Mawu amenewo anakalamba ali pomwepo.

Tsiku lina chakumasana, Mafulumira anasintha kalembedwe ka uthenga wa maadiresi, akuthamangira kukadya. Pakhoma la ofesi pali sikirini yaikulu, ekita aliyense ali kadontho. Timadonthoto tinangoti psuu kufiira, khoma lonse, maekita atsamwa. Anthu asanatsegule n'komwe pakamwa kuti akuwe, kapitawo anali atasesa onse n'kubereka ena, khoma n'kubwerera biriwiri. Mafulumira anakonza uthenga wake msangamsanga, ndipo kenaka ofesi yonse inaomba m'manja.

Pa ofesipo pali mwambo wake. Maekita akafa ambiri n'kudzuka okha, kasitomala osadziwa kanthu, amagula keke. Amaitcha keke ya maliro. Tsikulo inabwera yaikulu, ya kirimu wapinki, ndipo bwana anaidula ndi lula popeza mpeni unali mu sinki muja. Chidutswa choyamba anapatsa Azamba, akuti mayi wa ana onsewa. Azamba anayang'ana lula, anayang'ana zala za bwana, koma kutamandidwa n'kokoma. Anadya, mpaka kunyambita chala.

Madzulo ake akuanula zovala kuseri kwa nyumba, anamva njinga ikuima pageti. Achimwene analowa akukoka mwendo, jekete likununkha gasi. Sanadikire n'komwe kupatsidwa mpando, anangodzigwetsa pa sitepe.

"Achemwali, foni yanga yandiiwala."

"Yakuiwalani bwanji, achimwene?"

"Yandipatsa moni ngati mlendo. Akuti takulandirani. Ine! Kenaka basi, masilinda a gasi, kumtunda kuja kwa miyala. Ndabwerako, yandibwezanso komweko."

Anapinda buluku. Bondo linali litafufuma ngati mtanda wa buledi, khungu likuchita kunyezimira. Azamba anakumbukira keke ija, n'kuzindikira chomwe chinachitika. Maekita atsopano aja anabadwa mitu ili mbee. Sankadziwa za bondo la munthu, za msana wa wina, za mphumu ya wina.

"Nanga osakana bwanji?"

"Kukana? Anzanga awiri akana lero, mafoni awo angoti zii. Akhala pansi pa mtengo mpaka dzuwa kulowa, ngati afedwa."

Azamba sanafunikire kuuzidwa chifukwa chake. Ekita wobadwa kumene amayamba ndi khalidwe loona woyendetsa wake ngati mlendo. Mlendo sasankha ulendo, ndipo akakanakana ekita amasintha khalidwe, amatseka pakamwa, maulendo n'kuleka kubwera.

"Mawa mugone, achimwene. Bondo ili silofunika kukwera njinga."

"Ndikagona indiona ngati ndathawa. Ana adya chiyani, kugonako? Si inu mumapanga zimenezi? Kalankhuleni naye, mumuuze kuti ndi ine ndemwe."

Analankhula motero ngati akutuma mwana kukapepesa kwa aneba. Azamba anawamanga bondolo ndi nsalu yonyowa, n'kulonjeza.

M'mawa mwake anafika ofesi isanadzaze. Mbale ya keke inali ikadali patebulo, ntchentche zikuchita phwando lachiwiri. Anakhala pansi n'kulembera ekita wa achimwene uthenga womveka bwino, wonena kuti munthuyu ali ndi chitsulo m'bondo, asapatsidwe zolemera. Uthenga unafola, unafika, ekita anautsegula. Sanatsamwe, sanakane. Anangouika m'thumba la pambali, kuti adzauwerenge nthawi yoona achimwene ngati mlendo ikadzatha, n'kutsegula wotsatira, wa gasi. Lamulo la thumbalo analilemba ndi Azamba omwe, kalekale, pofuna kuti obwera kumene asamalowe ndi madandaulo tsiku loyamba. Linagwira ntchito bwino lomwe, lopanda chilema chilichonse.

Njira inatsala imodzi, kusintha khalidwe lenilenilo la maekita onse. Anailemba m'mawa womwewo, zala zikuthamanga. Koma pa kampaniyo chosintha chilichonse chimadikira anthu awiri avomereze, mnzako mmodzi ndi bwana. Mafulumira, pakamwa pali tchipisi, anati aona akadya. Azamba analunjika kwa bwana.

Anawapeza atavula nsapato imodzi, phazi lili pa dilowa. Lero inali nthawi ya zikhadabo za kumapazi.

"Bwana, maekita aja aiwala anthu odwala. Ndakonza kale, mungovomereza."

"Mayi, taonani khoma." Kachidutswa kanathetheka n'kugwera pa siketi ya Azamba. "Chiyambire kampani ino katundu sanayendepo chonchi. Madala onse aja asiya kusankha."

"Si kusankha, bwana, ndi matenda. Wina ndi mchimwene wanga weniweni. Ali ndi chitsulo m'bondo, ndipo pano akukwera ndi gasi kumtunda."

"Pepani kwambiri. Abweretse mapepala a dokotala, tiwaone mwezi ukatha, monga aliyense. Tikayamba za achibale tithera kuti?" Anauzira kowengera kaja. "Komanso si inu munatiphunzitsa? Wogwa musiye agwe, wina adzuka."

"Ndinkanena za maekita."

"Eya, nanenso ndikunena za maekita."

Azamba anachotsa kachikhadabo kaja pa siketi ndi kona ya pepala, n'kutuluka. Anakasamba m'manja nthawi yaitali, koma sopo wa ofesiyo nayenso anali ndi tsitsi la munthu. Anaimbira achimwene kuti atsike panjinga, zivute zitani. Foni sinayankhidwe, chifukwa munthu wonyamula masilinda kumbuyo sagwira foni.

Ndiye anakhala pa desiki, maso pa kadontho kamodzi. Kanadutsa msika, kanawoloka mlatho, kanayamba kukwera. Kankayenda pang'onopang'ono, kuima, kuyendanso. Pakati pa mtunda kanaima osasunthanso. Ekita anafunsa foni kuti muli kuti. Zii. Anafunsanso. Zii. Nthawi yodikira itatha, ekita anagwa monga analembedwera, ndipo kapitawo anachita ntchito yake mwaukhondo wonse. Anamuchotsa, anatuma woyendetsa wina wapafupi kukatenga katunduyo, n'kubereka ekita watsopano. Kadonthoko kanafiira kamphindi kosakwana kuphethira. Mu ofesi yonse palibe anaona kupatula Azamba, ndipo kumbuyo kwawo wina ankafunsa ngati keke ija yatsalako.

Anaimbanso. Ulendo uno anayankha mayi wosamudziwa, mawu ali wefuwefu.

"Ndinu achibale? Ine ndimagulitsa malalanje pamtunda pano. Bambowa agwa. Amati aponde pansi, mwendo wakana, njinga yawagwera ndi magasi ake omwe. Mwendo wayang'ana kwina, mayi."

"Ali ndi ndani pamenepo?"

"Kunabwera mnzawo wa jekete ngati lawoli. Wamasula magasi, wamangirira pa njinga yake, akulira ndithu, akuti foni ikundiwerengera nthawi. Wapita. Ife tawakweza galimoto ya mchenga, apita kuchipatala. Foniyi ndiwatumizira ndi mwamuna wanga."

Azamba anatenga chikwama, kuiwala ngakhale kapu yawo ija. Pakhomo anakumana ndi Mafulumira akupukuta zala pa buluku, nkhope ili mwee.

"Azamba, chija ndavomereza! Chalembedwa bwino kwabasi. Yatsala ya bwana basi."

Anangomulambalala n'kutsika masitepe. 

Kuchipatala anapeza alamu awo, akazi a achimwene, atakhala pambali pa bedi, jekete lonunkha gasi lili pamiyendo. Moni anayankha ndi mutu wokha. Achimwene anali chagada, mwendo uli m'zitsulo, milomo itauma. Dokotala anali atadutsa kale, ndipo alamu anabwereza mawu ake osayang'ana munthu. Chitsulo chakale chachoka m'malo n'kuswa fupa. Kuyenda adzayenda, ndi ndodo. Za njinga aiwale.

"Iwowa sanawauze," anatero alamu motsitsa mawu. "Akuti tidikire mankhwala awatheretu m'mutu."

Azamba anaima kumapazi kwa bedi, manja ali lende. Anayang'ana pansi, pomwe panali thonje lakugwa la wodwala wina, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo sanasunthe phazi kulithawa. Chonyansa chenicheni anali atabwera nacho okha, keke ya maliro ija, ili m'mimba, yapinki.

Pa kabati ya pambali foni inanjenjemera. Galasi lake linali litang'ambika ngati ukonde wa kangaude. Achimwene anatsegula maso, n'kumwetulira ataona mlongo wawo.

"Mwabwera, achemwali? Tandiwerengerani, maso anga akuona ziwiriziwiri."

Azamba anaitola. Pakati pa ming'alu mawu ankawerengeka bwinobwino. "Takulandirani m'banja lathu! Ulendo wanu woyamba ukukudikirani." Pansi pake panali adiresi ya kumtunda, ndi kachithunzi ka silinda.

"Akuti chiyani? Wandikumbukira?"

Alamu anadzutsa mutu, kuyang'ana Azamba m'maso koyamba tsikulo. Azamba anaphimba galasi la foniyo ndi dzanja.

"Akuti mupume, achimwene."

Achimwene anatseka maso, n'kupumira m'mwamba ngati munthu amene watula katundu.

"Mwaona, mayi a ana? Ndinakuuzani ine. Mlongo wangayu akalankhula naye, amamva."

Foni inanjenjemeranso m'dzanja la Azamba, kufunsa ngati anyamuka.